Tepi ya a Binti Chande

Dailesi anali kupukuta fumbi pa wailesi yake ya kaseti, pakhonde la chipatala china chaching'ono kufupi ndi Ntaja, pamene amuna awiri anatulukira kuseri kwa mjigo nalunjika pa tebulo lake. Mmodzi anali a Samson, tcheyamani wa Chipani m'deralo, baji ili pachifuwa. Winayo sanamudziwe. Anali wamtali, wovala mzuli, zala zake zodetsedwa ndi malata.

"Adokotala opanda jekeseni, mwaswera bwanji?" anatero a Samson, akudzikokera benchi. "Awa ndi Che Hamadi, okhoma ndowa pamsika. Akazi awo ndi Binti Chande, amene munacheza nawo Lachiwiri. Abwera kudzamva zimene mayiwo ananena m'bokosimo."

Chinali chaka cha 1986. Dailesi, mwana wa ku Balaka, anali pa maphunziro otsiriza ku yunivesite ina ya ku Mangalande, aja akawatha munthu amatchedwa dokotala ngakhale sadziwa kumanga bala. Ankafufuza mmene mantha ndi manyazi zimachititsira munthu kupita kuchipatala kapena kungokhala pakhomo. Anasankha nkhani ya kulera, imene inali yachilendo masiku amenewo. Aphunzitsi ake ankafuna matepi makumi anayi a amayi akudzifotokozera okha. Iye anali nawo makumi awiri ndi atatu, ndipo kunatsala masabata atatu kuti akwere ndege.

Vutoli analiyamba yekha. Poyamba amayi ankaopa wailesiyo, ati mawu amapita kupolisi ku Zomba. Pofuna kuwachotsa mantha, Dailesi ankabweza tepi pang'ono kuti aliyense adzimve. Amayi ankaseka mpaka misozi, n'kukasimba kuchigayo kuti kuchipatala kuli bokosi lobwereza chilichonse chimene waliuza. Nkhani ya kuchigayo sichedwa kufika pamsika.

Tepi ya Binti inali yoposa onse. Mayiyo analankhula theka la ola osapuma, mbali imodzi yonse ya tepi. Anabereka kasanu ndi kawiri, amoyo anayi. Mimba yotsiriza inamufikitsa ku Zomba pa lole ali chikomokere, mwana n'kupitirira. Kuyambira pamenepo ankabayitsa jekeseni wa kulera mobisa, khadi ya kuchipatala ikusungidwa kwa mnzake. Ankaopa kuti mwamuna wake akadziwa amupatsa talaka n'kumusudzula, kapena amubweretsera mkazi wachiwiri. Dailesi anamulonjeza, atamugwira dzanja, kuti palibe munthu wa ku Ntaja adzamve mawuwo.

Tepiyo inali idakali m'wailesimo. Anali asanaikopere papepala, chifukwa ntchito imeneyo ankaichita Loweruka kwa mayi ake ku Balaka, kumene kunali magetsi. Mabatire ankawasungira zojambula zokha.

"Bambo, zimenezo sindingathe," anatero Dailesi. "Mayi aliyense ndimamulonjeza kuti mawu ake ndi ake."

"Iyayi, achemwali, musatero," anayankha a Samson akumwetulira. "Mwamuna kumva mawu a mkazi wake n'chachilendo? Nanga azungu anuwo akamve, mwini nyumba ayi? Ine ndinasaina kalata yanu chifukwa munati mulibe zobisa. Ngati zobisa zilimo, ndiyenera kukanena kuboma. Kumeneko akamvera matepi onse, kuyambira woyamba."

Ananena mofatsa, koma Dailesi anadziwa kuti si nthabwala. Kalata imodzi ya a Samson inali yokwana kuthetsa maphunziro a zaka zitatu. Kuposa apo, amayi makumi awiri ndi atatu akanamveka m'ofesi ya anthu osawadziwa.

Anatembenukira kwa mwamuna wa Binti. "Che Hamadi, mukufuna kumva chiyani kwenikweni?"

Che Hamadi anayang'ana zala zawo. "Mayi, ine sindinabwere ndi ndewu. Chimwalirire mwana uja, mkazi wanga amangondiyankha kuti eya kapena iyayi. Ndiye ndikumva pamsika kuti analankhula ndi bokosi ili mpaka tepi kudzaza. Bokosi! Ine ndakhala naye zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Safunsa anadya phula, n'chifukwa chake ndabwera."

Dailesi anaika chala chake pa chivindikiro cha wailesi. Kenako anabweza tepi ija mpaka poyambira.

"Chabwino," anatero. "Ndacheza ndi amayi ambiri, koma bambo ngakhale mmodzi ndilibe. Tisanakambe za akazi anu, ndiuzeni zanu. Bokosi lizimva. Mukulola? Nanunso a tcheyamani, poti muli pafupi, likumvani."

"Limve," anatero a Samson. "Ine ndimalankhula pamisonkhano, ndingaope bokosi?"

Che Hamadi anangogwedeza mutu. Dailesi anatsindika mabatani awiri pamodzi, lakuda ndi lofiira. Tepi ya Binti inayamba kuzungulira, ndipo mawu aliwonse atsopano ankafufuta akale.

"Ana muli nawo angati?"

"Anayi. Atatu anabwerera kwa Allah."

"Tsiku limene mayi anawatengera ku Zomba, inu munali kuti?"

Poyamba Che Hamadi ankayankha mwachidule, maso ali pa wailesi. Koma anthu amaiwala bokosi msanga, amuna ngati akazi omwe. Patapita mphindi khumi anali akufotokoza mmene anakhalira kumbuyo kwa lole, mutu wa Binti uli pamiyendo pawo, akuwerenga mabampu a msewu. Anafotokoza za namwino amene anawafunsa ngati angapereke magazi, ndi mmene anakomokera singano isanalowe n'komwe.

A Samson anaseka. "Munthu wodula malata tsiku ndi tsiku kuopa kasingano!"

"Lata sililowa m'thupi, achimwene."

"Nanga mwana wina mukumufuna?" anafunsa Dailesi.

Che Hamadi anavula mzuli wawo. "Kumufuna ndikumufuna. Amoyo onse ndi aakazi, ndipo nyundo zanga ndilibe womusiyira. Anzanga kumsikiti amandiseka kuti ndakalamba nthawi isanakwane. Koma ndikaganiza za lole ija, mtima umandiuma. Mwezi ukatha mkazi wanga alibe pathupi, ndimathokoza, kenako ndimachita manyazi kuti ndathokoza. Ndingamuuze bwanji zimenezi? Adzati ndatopa naye."

Dailesi anasuzumira pagalasi la wailesi. Tepi inali itatsala pang'ono, ndipo ankadziwa kuti kumapeto kumeneko n'kumene Binti anatchula dzina la mnzake wosunga khadi. Che Hamadi anali atatha mawu. Dailesi anatembenukira kwa a Samson.

"A tcheyamani, inu mumayenda m'midzi. Anthu amadandaula chiyani?"

A Samson anali atadikira nthawi yaitali kuti afunsidwe. Anayamba ndi malungo ndi madzi a m'zitsime. Kenako anafika pa zawo.

"Ntchito yathuyi anthu amaiona ngati ya ulemu. Ulemu wake uti? Akuluakulu akabwera ndi magalimoto amafuna mbuzi, amafuna mazira, amafuna mpunga wa ku Chilwa. Anthu akakana, mbuzi imatuluka m'khola mwanga. Chaka chino zapita zitatu. Ndiye amandipatsa makhadi a Chipani oti ndigulitse kwa anthu amene alibe ndi mchere womwe. Iwo akudya, ife tikuwomba m'manja."

Batani linadumpha lokha, tepi yatha.

"Tsopano timve ya mayi aja," anatero a Samson, akupukuta thukuta.

Dailesi anatulutsa tepiyo nawaonetsa chimene chinalembedwapo: nambala 23. "Ndi iyi. Ndi yomweyi mwakhala mukulankhulirapo. Mawu a Binti kulibenso. Inu simuwamva, azungu anga sawamva, inenso sindidzawamvanso."

A Samson anaimirira. "Mwatipusitsa dzuwa likuswa mtengo? Mayi, mukudziwa amene mukusewera naye? Mawa m'mawa bokosi ili ndi matepi ake onse zikhala kuboma."

"Ndakupusitsani, sindikukana," anatero Dailesi. "Mukafuna kupita nazo, sindingakuletseni. Koma muyambe mwamva chimene mukanyamule."

Anabwezamo tepi, naibweza pang'ono, natsindika batani lakuda lokha. Mawu a a Samson anamveka bwinobwino pakhonde ponse: "Iwo akudya, ife tikuwomba m'manja."

"Zimitsani," anatero a Samson. Anacheuka kumjigo, kumene amayi awiri ankatunga madzi. Anakhalanso pabenchi pang'onopang'ono. Anthu ambiri anali atasowa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo, ndipo ena mwa iwo amene anakawanenera anali a Samson omwewo.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "ine ndili ndi ana asanu ndi mmodzi."

"Ndikudziwa. Ndinakuuzani kuti bokosi likumva, inu munaiwala. Aliyense amaiwala. N'chifukwa chake ndimalonjeza. Mawu anu ndi anu, monga a Binti analili ake. Mukafuna ndifufuta pompano."

"Fufutani."

Dailesi anabweza tepi mpaka pamene a Samson anayambira, natsindika mabatani awiri aja. Anakhala chete onse atatu mphindi zisanu, wailesi ikujambula kulira kwa mjigo ndi mwana wina amene ankakana kulowa pasikelo. Itatha, anawayatsira kuti amve okha.

Che Hamadi ndi amene anayamba kuseka, mwakachetechete. "Achimwene, ukayenda umasiya phazi. Inu munati musiye mlomo."

A Samson sanaseke nawo. Anakonza baji yawo, nati kafukufuku apitirire poti iwo sanapezemo cholakwa, napita osatsanzika bwino.

Che Hamadi anatsala. Anazunguza mzuli m'manja.

"Ndiye kuti chimene mkazi wanga ananena sindidzachidziwa."

"Kwa ine ayi. Mwini wake alipo, mumagona naye nyumba imodzi."

"Chinali choipa?"

"Sindiyankha, bambo. Ndikati iyayi lero, tsiku limene ndidzakhale chete kwa mwamuna wina adzadziwa kuti eya."

Che Hamadi anaganiza pang'ono, naloza wailesi. "Nanga zanga zija? Iye angazimve?"

"Zimenezo ndi zanu. Mukalola, amva."

"Amve. Koma ine ndisakhalepo."

Binti anabwera Lachisanu, atafunda nsalu kumutu, nkhope itatupa ndi nkhawa, chifukwa anali atamva kale kuti mwamuna wake anafika kuchipatala ndi a tcheyamani. Dailesi anamulowetsa m'chipinda chosungira mabenchi, natseka chitseko, namufotokozera zonse. Anapepesanso chifukwa cha chizolowezi chake chobwezera amayi mawu awo pakhonde, chimene chinabala mlandu wonsewu.

"Ndiye mawu anga afa?" anafunsa Binti.

"Afa onse."

"Dzina la mnzanga lija?"

"Nalonso."

Binti anapumira m'mwamba. Kenako Dailesi anamuyatsira tepi. Mayiyo anamvetsera manja ali pamiyendo, osagwedezeka. Pa nkhani ya kukomoka anamwetulira. Pa nkhani ya kuthokoza mwezi ukatha anakoka nsalu naphimba pakamwa, nakhala choncho mpaka mawu a mwamuna wake anatha ndipo mjigo unayamba kulira.

"Zaka zonsezi," anatero, "munthu uyu pakamwa pake pamatuluka za malata zokhazokha."

"Mungalole kundibwerezera zanu zija? Dzina la mnzanu tisalitchule."

Binti anapukusa mutu. "Iyayi, mayi. Zija zinatuluka kamodzi. Sindingazilirenso kachiwiri."

Dailesi sanakakamize. Loweruka ali ku Balaka, atatandika mapepala pa tebulo la mayi ake, analembera aphunzitsi ake kalata. Anawauza kuti tepi ya nambala 23, imene inali yoposa onse, kulibenso, kuti anaifufuta yekha, ndipo kuti zimene zinalimo sadzazilemba m'buku lake ngakhale akuzikumbukira. Anapempha kuti amulole kuwonjezera amuna asanu pa kafukufukuyo. Mayi ake, amene ankasankha nyemba chapafupi, anamufunsa ngati azunguwo samulepheretsa mayeso.

"Mwina andichedwetsa chaka," anatero Dailesi.

"Wachedwa kale. Anzako ali ndi zidzukulu," anatero mayiwo, napitiriza kusankha nyemba.

Matepi anakwana makumi atatu ndi asanu ndi limodzi, osati makumi anayi. Lachiwiri lomaliza, Dailesi akumanga makatoni pakhonde, anaona njinga ikuima kunja kwa mpanda wa chipatala. Che Hamadi anatsitsa Binti, iwo natsala pomwepo atagwira chiwongolero, akuyang'ana kumsewu. Binti analowa nakakhala pamzere wa amayi odikira namwino wa za kulera. Khadi inali m'manja mwake, poyera.

Ngati anamuuza zonse mwamuna wake kapena theka lokha, Dailesi sanafunse. Anamupatsa moni podutsa, nanyamula katoni yake kukadikira basi ya ku Liwonde.