Laputopu Yopepuka

A Obadiah Sakala anagwira ntchito ya ufitala, yokonza makina, ku mgodi zaka makumi atatu, ndipo chimene anabwerako nacho, kuwonjezera pa chifuwa chosatha, ndi chikhulupiriro chakuti chinthu chabwino chimalemera. Mota ikapepuka, ndiye kuti wina wasolola mkuwa wa m'kati n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Anazionapo ndi maso awo kangapo, ndipo ku Kabushi konse, kumene ankakhala, kunalibe munthu wolimba mtima kuwatsutsa pa nkhani imeneyi.

Tsono mwana wawo wamkazi, Jemimah, anapeza malo ku yunivesite kuti akaphunzire za malaibulale. Kalata yomuitana inabwera ndi pepala lofotokoza kompyuta imene ayenera kupita nayo. A Obadiah analiwerenga kawiri, nsidze zili tolo.

"Laibulale ni mabuku," anatero. "Manje kompyuta ni ya chani? Ya mafilimu?"

"Atate, masiku ano buku iliyonse ilembedwa mu kompyuta, dzina, wolemba, na shelefu yake. Ndiye vimene tikaphunzira. Pulogalamu yake siyenda pa kompyuta yofooka."

Sanakhutire, koma akazi awo anawayang'ana ndi diso lija, nkhani n'kuthera pomwepo. Banja lonse linali litasonkha ndalama, ndipo aliyense ankadziwa kuti kugula ndi kamodzi kokha.

Loweruka m'mawa, kutatsala masiku awiri kuti maphunziro ayambe, bambo ndi mwana anakwera minibasi kupita m'tauni. Mwini shopu, munthu wosekaseka dzina lake Friday, anawalandira m'Chibemba ndi ulemu wochuluka moti a Obadiah anayamba agwira thumba lawo. Friday anaika malaputopu awiri pa kauntala: ina yakuda, yonenepa ngati Baibulo la paguwa, ina yotuwa, yopyapyala. A Obadiah ananyamula yakudayo, nagwedeza mutu mokondwa. Atanyamula yotuwayo, nkhope inagwa.

"Iyi mwachosamo chani?"

"Palibe, mudala. Ni mmene ipangidwira."

"Nanga yopanda kanthu mukati idula bwanji kupambana yodzaza?"

Jemimah anatambasula pepala lake. Yakudayo inali ndi RAM yochepa, ndiye kuti yochedwa kugwira ntchito, batire yake siinkatha ngakhale ola limodzi, ndipo ndi mmene magetsi akuzimirazimira masiku ano, akanaphunzira bwanji? Yotuwayo inali ndi zonse zimene pepala linkafuna. Friday ankangovomereza mawu aliwonse, ndipo a Obadiah anayamba kuwayang'ana onse awiri. Kodi awa sanapangane pa foni? Anagula yotuwayo, koma mtima uli kwina.

Pokulunga, Friday anaitembenuza n'kuwaonetsa kasitika kofiira komatidwa pa sikuluwu imodzi.

"Galanti ni six months. Koma aka kakang'ambika, sitilandila."

Basi, kwa a Obadiah umenewo unali umboni. Munthu wachilungamo angaletserenji anthu kuona m'kati?

Masana, Jemimah anapita ku kwaya kukatsanzika anzake, amayi ake ali kumsika. A Obadiah anatseka chitseko, natulutsa bokosi la zida, nasankha kasikuludiraiva kakang'ono kwambiri. Sanafune kuwononga kanthu, ayi. Ankangofuna kuti mwana wawo asapite kutali ndi chigoba. Kasitika kaja anakaboola osaganiza kawiri. Masikuluwu onse atachoka, chivundikiro chinakanirira, iwo n'kuchikoka mmene ankakokera chivundikiro cha mota. Kanthu kena kanalira kuti thyo!

M'kati munali modzaza, mwaukhondo, popanda chizindikiro chakuti dzanja la munthu linapitamo. Koma pa zonse zinali m'menemo, a Obadiah sanazindikire ngakhale chimodzi. Chimene anamvetsa ndi kachingwe kopyapyala ngati riboni kamene kanali katang'ambika pakati. Anatseka msangamsanga, nabwezera laputopu m'katoni, nakakhala pakhonde ndi nyuzipepala imene sankaiwerenga.

Jemimah anabwera akuimba. Anakhala pa tebulo, natulutsa laputopu, naitsegula, nadina batani. Kanthu kanalira pang'ono m'kati, koma sikirini inakhalabe bii. Anadinanso. Anailumikiza ku magetsi, nadikira, nadinanso. A Obadiah ankamva zonsezi ali pakhonde, mtima ukugunda ngati pampu yotha mafuta.

Kenako mwanayo anatulukira pakhomo, katoni ili m'manja, misozi ili mbwembwembwe.

"Atate, munakamba zoona. Uja munthu watibera. Nine nalakwa, sin'namvele imwe. Ndalama ya banja yonse nataya ine."

Mawu amenewo ndi amene a Obadiah ankawafuna chiyambire m'mawa, koma atafika sanawakomere. Akanatha kungokhala chete. Ulemu wawo ukanakhala pomwepo, Friday akanasenza mlandu, ndipo Jemimah akanakhala moyo wake wonse akukhulupirira kuti iye sadziwa kusankha. Manyazi anawagwira, aakulu kuposa onse amene anawamvapo.

"Shopu ivala seventeen hours," anatero Jemimah akuvala nsapato kuti akafike asanatseke faifi koloko. "Niyenda nikamuchititse manyazi pamaso pa anthu."

"Jemimah, khala pansi."

"Atate, nthawi..."

"Friday sanabe kanthu. Unasankha bwino, mwana wanga. Nine natsegula."

Jemimah anaima nsapato imodzi ili kuphazi. Anatulutsa laputopu ija m'katoni, naitembenuza pang'onopang'ono, nayang'ana kasitika kobooka kaja nthawi yaitali. Sanakuwe, sanawanyoze, ndipo a Obadiah analakalaka akanatero.

"Manje Monday nikayamba na chani, atate?"

A Obadiah anatenga laputopu ija m'manja mwa mwana wawo, ndipo ulendo uno inawalemera.