Mbira za Azamba

Thaulo a Lumo analiponya mochedwa pa mbira ziwiri zomenyanazo. Kopolo anali atamuluma kale Sajeni pakhutu, ndipo dzanja la mkuluyo litalowa m'khola kuti lileletse ndewuyo, nalonso linalandira gawo lake. Mano a mbira ndi aang'ono koma amaidziwa ntchito. A Lumo anatulutsa chala magazi ali chuchuchu, n'kuchibisa m'thumba la thalauzi ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Tsoka ilo, Mzime, mwana wawo wamkazi womaliza, anali ataima pakhomo la kukhitchini ndi kapu ya tiyi m'manja, ndipo anaona zonse.

Panali patatha masiku khumi ndi awiri chiwaikireni m'manda mayi ake. Mumsewu monsemo mayiwo ankadziwika kuti Azamba, chifukwa theka la anthu a kumeneko linatulukira m'manja mwawo pa zaka makumi atatu zimene anagwira ntchito kuchipinda chochirira amayi. Amuna awo, amene ankameta mitu yomweyo ikakula, ndiwo ankatchedwa a Lumo. Mpando wawo wometera unali udakali pabalaza, pafupi ndi zenera, ndipo nkhalamba zinzawo zinkabwerabe kudzachotsa imvi ndi kunamizana za mpira.

Mbira ziwirizo zinali za Azamba. A Lumo sankazifuna n'komwe, ankati ndi makoswe oiwala michira. Tsiku limene mkazi wawo anabwera ndi Sajeni m'katoni, iwo ananyinyirika sabata yathunthu. Ndiye miyezi itatu yapitayo, adokotala atangonena kuti chotupa cha m'chiwindi chafika posabwerera, Azamba anatulukira ndi mbira ina yamawanga. A Lumo anaika lamulo pomwepo kuti m'nyumba mwawo simudzaswana kanthu. Azamba anagoneka kanyamako chagada pachikhatho, n'kukayang'ana ndi nkhope ya kuntchito.

"Yamphongo iyi," anatero. "Kapena mukufuna mundiphunzitse ntchito yanga?"

Ndani angatsutsane ndi mzamba pa nkhani yotero? Mbirayo inalowa m'khola, inapatsidwa dzina loti Kopolo, ndipo asilikali awiriwo ankagona mogundanitsa misana mpaka mwini wawo atamwalira.

Tsopano zinthu zinali zitasokonekera. Sajeni akangoyandikira, Kopolo ankakukuta mano n'kumulumphira. Mimba ya Kopolo inali itatupa mbali zonse ziwiri, moti poyenda ankachita kudzikoka. A Lumo ankadziimba mlandu. Mwina anachulutsa kabichi, mwina udzu anaupereka udakali ndi mame. Kuchipatala, mawu atayamba kale kuvuta, Azamba anawagwira chala n'kuwauza kuti awasamalire asilikali awo. Chinali chinthu chimodzi chokha chimene anapempha, ndipo nacho chinali kuwapulumuka m'manja. Izi zinkawapweteka kuposa bala la pachala.

Madzulo a tsikulo anafika Wachisamba, mwana wawo woyamba, munthu wa tayi ngakhale Loweruka. Mzime sanathe kusunga pakamwa, ndipo nkhani ya chala inafika patebulo tiyi asanazizire. Wachisamba sanakweze mawu, sankakweza mawu chibadwire. Anangoyala mfundo zake bwinobwino: poto amene bambo anamuiwala pamoto Lachiwiri, malaya osasita, manja amene anayamba kunjenjemera. Kwake, m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni, chipinda chinali chokonzeka kale. Nyumba ino alowemo anthu a lendi. Ziweto kumeneko salola, choncho mbirazo apatsidwe aliyense wozifuna. Lole anali atailankhula kale, ibwera Lachisanu m'mawa.

"Nanga mpando wanga?" anafunsa a Lumo.

"Tikausunga m'galaja, bambo. Kumtunda kuja ndani angakwere masitepe onse aja kudzameta?"

"Ndiye ine ndizikatani kumeneko? Kuwerenga mbalame?"

"Mukapume. Taonani chala chanucho. Mbira ziwiri zokha zikukukanikani, nanga nyumba yonse?"

A Lumo anayang'ana Mzime, koma iye anali kupukuta patebulo pamene panalibe chodetsa. Tchuthi chake kusukulu kumene ankaphunzitsa chinali kutha Lamlungu, ndipo sankafuna kuti tsiku lina adzamuloze chala kuti ndiye anasiya bambo okha. Anangoti achimwene akunena zoona. Mkuluyo nayenso mumtima mwake anali atayamba kuvomereza.

Pakhoma la kukhitchini panali kalendala, ndipo masiku atatu a sabata imeneyo, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu, anali ozunguliridwa ndi cholembera chofiira. Linali dzanja la Azamba. Mzime atawaona tsiku la maliro analira kwambiri, ati amenewo ndi masiku a kuchipatala amene mayi sanawafikire. Kuyambira pamenepo aliyense ankadutsa pakalendalapo maso ali kumbali.

Lachinayi a Lumo anachita chinthu chimodzi cha nzeru zawozawo. Pa zaka zawo zometa anaphunzira kuti anthu awiri akayambana pamzere, suwaweruza, umangomukhazika wina moyang'ana kukhoma. Anatenga thabwa la shelefu yakale n'kuligawa kholalo pakati, uku Sajeni, uku Kopolo, aliyense ndi mbale yake. Ndewu inatha. Sajeni anatsala akulira kwii kwii m'mbali mwa thabwalo, koma Kopolo anagona pakona osakhudza ngakhale karoti. A Lumo anaona kuti basi, uyu ndiye akutsatira mwini wake.

Lole inafika Lachisanu dzuwa litangokwera pang'ono. Amuna awiri a pa loleyo anayamba ndi makatoni a pamwamba pa kabati, kenako anagwira mpando wometera, wina kumutu wina kumiyendo, ngati anyamula wodwala. A Lumo sanathe kupenyerera. Anatenga chikwama chawo cha zida zometera, chimene anakana kuti chikwere lole, n'kuzungulira kuseri kuti akatsanzike mbira.

Anapeza Kopolo atakhala chonyonyomala, mutu uli pansi pa mimba, thupi lonse likugwedezeka. Anagwada kuti kanyamako kasafe kokha. Kopolo anakoka kamodzi ndi mano, ndipo pa utuchi panagwa kanthu konyowa. Anakanyambita mwachangu, kanthuko kanayetsemula, n'kuimirira ndi miyendo inayi, ubweya uli kale pathupi, maso ali mwaa. Kanali kambira kathunthu, kakang'ono ngati dzira la nkhuku.

A Lumo anangoti kukamwa yasa. Kachiwiri kanatuluka iwo asanatseke pakamwapo, kachitatu kanatsatira. Ndi pamene anaitana ana awo, ndi mawu amene sanawagwiritse ntchito chiyambire matenda a mkazi wawo.

Mzime anafika akuthamanga, Wachisamba pambuyo pake foni ili kukhutu. Anafika nthawi imene kachinayi kankatuluka. Koma Kopolo anali atatopa, ndipo anali kalikiliki kunyambita atatu oyamba aja. Kachinayiko kanangogona m'kathumba kake kamadzi, kosasweka, osagwedezeka n'komwe.

"Kafa ako," anatero Wachisamba. Anayang'ana timagazi ta pa utuchi, nkhope yake inatuwa, ndipo anakhala pansi pa simenti ndi thalauzi lake lositidwa bwino lija.

A Lumo sanamumve. Kwa zaka makumi atatu Azamba ankabwera kuchokera kuntchito n'kumafotokoza za kuchipinda chochirira pa nthawi ya chakudya, iwo n'kumadandaula kuti nkhani zoterozo zimathetsa njala. Ankayesa kuti sankamvetsera. Lero mawu onse aja anangobwera okha m'dongosolo lake: tsegula, pukuta mphuno, tikita, usasiye msanga. Anatsegula chikwama, anatulutsa kasizasi kodulira tsitsi la m'mphuno ndi thaulo loyera. Ananyamula kanthuko pachikhatho, ndipo dzanja lija ankati limanjenjemera linaima nji. Munthu amene anameta ndevu pakhosi pa anthu kwa moyo wake wonse osatema ndi mmodzi yemwe sakanalephera kathumba. Anaboola pafupi ndi mphuno, anasenda kathumbako, anapukuta kukamwa ndi nsonga ya thaulo, n'kuyamba kutikita kamsana ndi chala chachikulu.

Palibe chinachitika. Amuna a pa lole aja anali atasiya mpando pakhonde n'kudzasuzumira pamapewa a Mzime. Wina ananong'ona kuti mdala angokataya. A Lumo anakazondotsa pang'ono, mutu pansi, n'kupitiriza kutikita.

"Tiye, msilikali," anatero motsitsa. "Abwana ako salola zimenezi."

Kamwendo kamodzi kanagwedera. Kenako kanatsegula kukamwa n'kutulutsa kamawu kakang'ono ngati ka chitseko chosowa mafuta. Mzime anagwira pakamwa, misozi ikutsika. Mmodzi wa amuna a pa lole anaomba m'manja, mnzake n'kumuthandiza. A Lumo anakaika kambirako pafupi ndi mphuno ya make, ndipo Kopolo anakanunkhiza n'kuyamba kukanyambita ngati sipanachitike kanthu.

Mkuluyo anadzuka yekha, osagwira dzanja la Mzime limene linatambasulidwa. Anapinda thaulo, analikoleka paphewa monga ankachitira pa ntchito, ndipo anatembenukira amuna a pa lole. Mtima wawo unali utadzaza, ndipo sanabise.

"Mpando uja mukaubwezere pomwe munautenga. Miyendo yake ili ndi zizindikiro pansi, musaphonye."

"Bambo, tinagwirizana kale," anatero Wachisamba, adakali pansi.

"Unagwirizana ndi lole. Ine ndili ndi mayi wochira kumene ndi ana anayi, sindingasamuke. Poto ndinamupsereza, inde, ndipo mwina ndidzapsereza wina. Ukafuna kundithandiza uzibwera Loweruka, tsitsi lakolo lafika pochititsa manyazi. Koma dzuka kaye, usandichititse manyazi pamaso pa alendo."

Wachisamba anatsegula pakamwa kuti ayale mfundo, koma mfundo sizituluka bwino munthu utakhala pasimenti mutu ukuzungulira. Anayang'ana dzanja la bambo ake, anayang'ana timbira tinayi tikupunthwapunthwa pa utuchi, ndipo anakodola amuna a pa lole kuti achite zimene auzidwa.

Mzime anali atalowa m'nyumba. Anatuluka ndi kalendala ija m'manja, akuseka ndi kulira nthawi imodzi, chala chili pa Lachisanu lozunguliridwa lija.

"Si za kuchipatala izi, achimwene. Mayi anawerengera masiku. Ankadziwa."

Galu wamkota sakandira pachabe. Mzamba wa zaka makumi atatu akanalephera bwanji kusiyanitsa yamphongo ndi yaikazi? A Lumo anapukusa mutu. Ananamizidwa masana dzuwa likuswa mtengo, m'nyumba mwawo momwe, ndipo sanakumbuke tsiku lina limene bodza linawakomera chotere.

Potsitsa katundu m'lole, mmodzi wa amuna aja anabweretsa kakatoni ka nsapato kamene kanali pamwamba pa kabati, ati kalembedwa dzina la mdala. M'katimo munali tinsalu todulidwa bwinobwino kuchokera ku yunifolomu yakale, botolo lachiwiri lomwetsera madzi, ndi kapepala kopinda kanayi. A Lumo anavala magalasi n'kuwerenga mokweza.

"Bambo a ana, ngati mwatsegula katoni iyi ndiye kuti Kopolo wakwezedwa udindo. Sajeni mumupatule lero lomwe, alibe manyazi ameneyo. Ana aamuna muwachotse kwa mayi wawo pakatha masabata atatu, apo ayi mudzasowa poponda. Kabichi pang'ono, udzu wambiri. Inunso muzidya. Ndipo chonde musakomoke ngati tsiku lija."

Mzime anafunsa kuti tsiku liti. A Lumo analoza Wachisamba ndi chibwano, n'kuulula chinsinsi cha zaka makumi anayi, kuti tsiku limene iyeyo ankabadwa iwo anagwa m'khonde la chipatala asanaone n'kanthu komwe, anangomva fungo la mankhwala. Wachisamba anaseka koyamba chimwalirireni mayi ake, mpaka anavula tayi n'kupukutira m'maso.

Pansi penipeni pa katoniyo panali timakadi todulidwa ku bokosi la tiyi, tolembedwa mizere ndi rula monga makadi a kuchipinda chochirira. Dzina. Tsiku. Nthawi. Malo onsewo anali opanda kanthu, kudikira wolemba. Mzere womaliza wokha, wa dzina la mzamba wochiritsa, ndiwo unali wodzaza kale pa kakadi kalikonse, ndi cholembera chofiira chomwe chija, zilembo zopendekera za munthu amene dzanja linali litayamba kufooka: a Lumo.

Mkuluyo anasankha timakadi tinayi. Kenako anakokera mpando pafupi ndi khola, anayang'ana wotchi, n'kupempha Mzime kuti awabwereke cholembera.