Ulendo wa Kanae ndi Bambo Ake ku Takayama

Sitima itatuluka m'phanga lomaliza, Kanae anaona kuti mapiri ayamba kale kufiira. Ku Nagoya kumene ananyamuka masamba anali akadali obiriwira, koma kuno mphepo yozizira inali itafika kale. Bambo ake, a Shigeo Hirase, anakhala cha kuwindo atavala jekete yotuwa imene iye anali asanaionepo. Tsitsi anali atameta dzulo lake, khosi lili mbuu.

"Mwatchenatu lero, ngati mukupita ku ukwati," anatero Kanae.

"Munthu akakalamba ndiye azivala sanza?" anayankha bambowo, maso ali kunja.

Ulendowu anauyambitsa ndi iwowo. Chimwalirireni mayi ake, Kanae ankapita kwa bambo ake Loweruka lililonse kukawachapira, kukolopa, ndi kuwaphikira chakudya cha sabata yonse n'kuchilonga mufiriji. Anali wosakwatiwa, ankagwira ntchito pachipatala cha mano, ndipo achibale ankamutama kuti ndi mwana wodziwa kusamala kholo. Ndiye tsiku lina bambowo anangoti, "Tiye ku Takayama tikaone malo, iwe ntchito yakuchulukira." Kanae anavomera msanga chifukwa nayenso anali ndi nkhani yake. Anali atatulutsa katundu m'chipinda china cha nyumba yake, atagula makatani, ndipo ankafuna kuwauza kuti asamuke adzakhale naye. Anaganiza kuti nkhani yotereyi imalowa bwino munthu atakhuta, ali kutali ndi nyumba imene akuikakamira.

Atatsika sitima, Kanae anaima kuti atenge mapu pamalo olandirira alendo. Potembenuka anapeza bambo ake ali kale tsidya lina la msewu, akumukodola ndi ndodo yawo.

"Tidzere apa, n'pachidule," anatero, n'kulowa m'kanjira kopapatiza pakati pa nyumba ziwiri.

Kanjirako kanawatulutsira kumsewu wakale wa nyumba zamatabwa akuda, madzi akuyenda m'ngalande mbali zonse ziwiri. Alendo anali piringupiringu, ena akujambulana, ena ali pamzere wogula nyama yowotcha. Pakhomo la nyumba yofululira mowa wa mpunga panali mkulu wina akusesa. Atawaona anaimika tsache.

"A Hirase, mwabweranso! Bondo lija likuti bwanji?"

"Likuyesera, likuyesera," anatero bambowo akufulumira kudutsa.

Kanae anawayang'ana. "Akudziwani bwanji amenewa?"

"Anthu akuno ndi ochezeka."

"Ochezeka mpaka kudziwa bondo lanu?"

Bambowo anakhosomola n'kuloza mlatho wofiira, akuti aone nsomba zili m'madzimo.

Msika wam'mawa unali m'mbali mwa mtsinje, matebulo atandandalika pansi pa malona oyera. A Hirase sanayang'ane kumanzere kapena kumanja. Analunjika patebulo la maapozi ndi ndiwo zoviika mumchere, pomwe panali mayi wamfupi, wojintcha, wovala majombo ndi epuloni yabuluu.

"Mwachedwa!" mayiyo anakuwa. "Ndimayesa sitima yakusiyani." Kenako anaona Kanae. Anavula magolovesi, napukuta manja paepuloni, n'kuwerama mwaulemu. "Ndinu a Kanae eti? Mphumi ndi ya bambo anu yeniyeni."

Kanae anawerama nayenso. Anaona bambo ake akuvula jekete yatsopano ija, kuipinda bwinobwino, kuiika pabokosi, kenako kuzungulira kuseri kwa tebulo. Kasitomala wina atapempha maapozi, bambowo anasolola pepala pansi pa tebulo osayang'ana n'komwe. Dzanja linkadziwa pamene mapepala amakhala.

"Bambo, n'chiyani chimenechi?"

"Awa ndi Mayi Fusako Nojiri. Ndimafuna ndikuuze musitima muja, koma munali anthu."

"Iii, simunamuuze?" Mayi Nojiri anagwira m'chiuno. "Bambo inu, munalonjeza kuti mukamuuza kunyumba! Mwangomukoka mwana mpaka kuno osadziwa kanthu?"

Makasitomala anayamba kutchera khutu. Kanae anawerama kachiwiri, nati, "Pepani, ndikayendeko pang'ono," ndipo anachoka osathamanga, kuti asaoneke ngati akuthawa.

Anawoloka mlatho n'kumangokwera, kulikonse kumene msewu unkapita chokwera. Phokoso la alendo linatsalira m'munsi. Anafika pamtunda pamene pali akachisi otsatizana ndi manda akale pansi pa mikungudza, nakhala pamasitepe amiyala. Tauni yonse inali pansi pake, madenga otuwa ndi mtsinje ukunyezimira pakati.

Tsopano zinthu zinayamba kulumikizana. Masiku apakati pa sabata amene foni yakunyumba inkangoitana, bambowo n'kumati anali kwa anzawo. Maapozi amene ankapezeka m'khitchini, akuti anapatsidwa ndi aneba. Chakudya chimene ankachipeza mufiriji chosakhudzidwa, iye n'kumada nkhawa kuti bambo ake ataya chilakolako cha kudya chifukwa cha chisoni. Chonsecho ankakhuta kwina.

Anayesa kukwiya m'malo mwa mayi ake. Anayesa ndithu, koma mkwiyowo sunagwire. Mayi ake anali munthu wa nthabwala, ndipo akanaona mwamuna wawo, amene moyo wake wonse sanagulepo ngakhale anyezi, akugulitsa maapozi pamsika, bwenzi ataseka mpaka misozi. Ndiye chinkamupweteka n'chiyani? Anakhala nalo funsolo nthawi yaitali, mphepo ikugwetsa masamba pamasitepe. Ankayesa kuti iye ndiye mzati wa bambo ake. Kuntchito atafuna kumutumiza ku Osaka iye anakana, anzake akamuitana ankati alibe mpata, ndipo ponena kuti "bambo anga ali okha" ankamva kulemera, komanso ankamva kukoma kwinakwake kumene sanakuvomerepo.

Dzuwa litafika pamutu, kagalimoto koyera konyamulira katundu kanaima m'munsi mwa masitepe. Munatuluka Mayi Nojiri, ali ndi majombo awo omwe aja, atanyamula kapepala. Anakwera akupuma mwawefuwefu.

"Ndinadziwa kuti muli kuno. Aliyense wokwiya m'tauni muno amakwera phiri, kulibenso kwina kopita." Anakhala pansi pataliko pang'ono n'kutsegula kapepalako. Munali timibulu ta mpunga towotcha, totungidwa pakamtengo. "Idyani zikadali zotentha. Bambo anu ndawasiya pamlatho, akuzungulirazungulira ngati nkhuku yofuna kuikira."

Kanae analandira chifukwa kukana kukanakhala mwano. Anali ndi njala kuposa mmene ankaganizira.

"Munadziwana bwanji?" anafunsa.

"Anabwera ndi gulu la anzawo opuma pantchito. Anaterereka patsogolo pa tebulo langa n'kugwetsa bokosi lonse, maapozi mpaka mumtsinje. Sabata yotsatira anabwera kudzapepesa. Sabata inayo anabweranso kudzapepesa. Ndinawauza kuti bambo, kupepesa kwakwana, ngati mulibe chochita gwirani mapepalawa."

Kanae anafuna kuseka koma anadzigwira. "Ndiye mukukwatirana?"

"Anandifunsira. Ndinakana."

Kanae anatembenuka n'kuwayang'ana bwinobwino koyamba.

"Mwamuna wanga anadwala zaka zambiri," anapitiriza mayiwo, akuyang'ana madenga m'munsimo. "Ndinkamusambitsa, kumutembenuza, kumudyetsa ndi sipuni, munda wa maapozi ukundidikira. Titamuika m'manda ndinagona tulo tokoma, ndipo podzuka ndinachita nato manyazi tuloto. Ndiye munthu wa bondo lolira akabwera ndi nkhani ya banja, ine ndimaona patali. Ndinawauza kuti akhale kuno nyengo yozizira yonse. Chipale chofewa chikagwa n'kufika m'chiuno, azifoshola pakhomo m'mawa uliwonse, azidya zamchere zathuzi. Chikadzasungunuka akadali kuseka, tidzakambirana."

"Sangathe. Amazizidwa ngakhale m'nyumba."

"Mwina sangathe. Koma akufuna kuyesa, ndipo munthu wa msinkhu wawo kufuna chinthu si nkhani yaing'ono." Anatembenukira kwa Kanae. "Inu mwawasamala nokha nthawi yonseyi. Ndikukudziwa kulemera kwake. Sindinabwere kudzakulandani."

Kanae anayang'ana kamtengo kopanda kanthu m'dzanja lake. "Ndinawakonzera chipinda kwathu. Mpaka ndinagula makatani."

"Amtundu wanji?"

"Obiriwira."

"Asungeni, mwana wanga. Mwina chipale chiwabweza."

Apa Kanae anaseka, ndipo kusekako kunabwera ndi misozi. Mayi Nojiri sanamugwire kapena kumutonthoza. Anangokhala pomwepo akutokosa matope kujombo ndi kamtengo mpaka iye atamaliza.

Anatsika onse pakagalimoto kaja, mabokosi akugubuduka kumbuyo. A Hirase anali akadali pamlatho, jekete ili pamkono. Ataona mwana wawo anatsegula pakamwa, koma Mayi Nojiri anawadula.

"Mwana wabwera kudzaona malo, ndipo chimene waona ndi manda okha. Tiyeni."

Anadya nkhomaliro m'kanyumba kena kakuseri, nyama ndi bowa zowotchera patsamba louma pamwamba pa makala. Kenako anapita kunyumba yosungiramo ngolo za chikondwerero, zazitali ngati nyumba, zokutidwa ndi golide ndi nsalu zofiira. A Hirase anayamba kufotokoza mbiri ya ngolo iliyonse molimba mtima, Mayi Nojiri n'kumawakonza.

"Iyi inapangidwa ndi mmisiri wochokera ku Kyoto."

"Bodza. Agogo a mkulu wosesa uja ndi amene anasema mawilowo."

"Ndinawerenga ine."

"Munawerenga mutavula magalasi."

Kanae ankayenda pambuyo pawo akumvetsera. Ankaona bambo ake akutsutsidwa n'kumasangalala nako. Kunyumba, iye akanena chinthu, bambowo ankangoti "chabwino, chabwino," ngati wodwala womvera adokotala.

Chakumadzulo Mayi Nojiri anati akatsitse mabokosi, n'kuwasiya awiri m'mbali mwa mtsinje. Anayenda pang'onopang'ono, ndodo ikugogoda pamiyala.

"Mayi ako sindinawaiwale," anatero bambowo.

"Ndikudziwa, Bambo."

"Ndinkaopa kukuuza. Ukabwera Loweruka ndi zikwama zako, utatopa, n'kuyamba kukolopa, ndinkasowa poyambira. Ndinkaona ukukalambira m'khitchini mwanga, Kanae. Ndikanati usabwere, ukanaganiza kuti sindikuyamika."

"Mukanangonena."

"Ukanamva?"

Kanae anaganiza kaye. "Ayi," anavomera.

Anaima kuonerera ana asukulu akuwoloka mlatho panjinga. Nkhani ya chipinda sanaitchule. Anawafunsa ngati ali ndi masokosi okhuthala, ndiponso ngati kuno kuli dokotala wa mafupa. Bambowo anati zonsezo Fusako anazifufuza kale. Dzinalo linatuluka mosavuta, ndipo Kanae anaona kuti akhoza kulizolowera.

Pasiteshoni m'pamene bambowo anaulula kuti iwo sakwera nawo. Mawa lake kunali kuthyola maapozi kumunda kwa Mayi Nojiri, ndipo manja anali ochepa.

"Inuyo kukwera makwerero ndi bondo limenelo?"

"Amangogwira dengu pansi," anatero Mayi Nojiri, amene anali atafika ndi thumba lolemera la maapozi loti Kanae atenge. "Ndikawaona pamakwerero ndikuimbirani, mudzawatenge."

"Ubwera pa Chaka Chatsopano?" anafunsa bambowo.

"Ngati adzakhale asanakuthamangitseni."

Kanae anakhala cha kuwindo. Sitima isananyamuke anawaona awiriwo papulatifomu akukangana, mayiwo akufuna kuwamanga mpango m'khosi, bambowo akukana kuti sikunazizire. Anakangana mpaka anaiwala kubayibitsa. Pamene anakumbukira n'kukweza manja, sitima inali itayamba kale kuyenda, ndipo Kanae anawabayibitsa mpaka nyumba za m'mbali mwa njanji zinawabisa.