Madzi a Zaka Zana

"Madzi aja anabwera mu 2023. Ikanipo zaka zana. Ndiye kuti adzabweranso mu 2123, ine mafupa atayera kale kumanda. Mtsinje uwu ndinaupitira kusukulu ine, anthuni. Masiku atatu, wekishopu, satifiketi ili pakhoma apo. Wodziwa kuwerenga alowe akawerenge."

Amene ankadziguguda pachifuwa choncho ndi alamu anga, a Onesimo Namarika, amuna a mlongo wanga Doreen. Linali Loweruka masana, mwezi wa Febuluwale, tsiku lotsegulira nyumba yawo yatsopano kumunsi kwa Chilomoni. Anaima pakhonde atavala kajekete konyezimira ka komiti yoona za ngozi, wezulo ali lende m'khosi ngati oyimbira mpira wa fainolo. Pamwamba pa chitseko analembetsa ndi penti wofiira, zilembo zazikulu ngati mutu wa munthu: ZAKA ZANA. Alendo anaomba m'manja. Ine ndinali nditagwira mbale, ndiye ndinangogwedeza mutu. Pakamwa podzaza mpunga waulere sipatsutsa.

Kuti mumvetse, tiyambire pamtsinje. Kamtsinje kathu timakatchula Kamwendo, chifukwa chilimwe umakadumpha ndi mwendo umodzi osanyowa. Kamatsika kuchokera kuphiri la Michiru n'kumazemberazembera pakati pa nyumba, katasenza majumbo, matewera ndi zina zonse zimene anthu a kumtunda safuna kuzionanso. Shedi yanga yokhomera zidebe ndi mbaula ili pamsewu chakumtunda, ndiye ndimakaona tsiku lililonse. Nthawi ya namondwe wa Freddy kanationetsa kuti za mwendo umodzi zija n'zocheza. Kanatenga nyumba za m'mbali mwake, kanatenganso anthu amene tinkamwa nawo tiyi.

Mvula itatha kunabwera anthu a bungwe lina loona za madzi osefukira. Wamkulu wawo anali mayi Zeinabu, injiniya wamfupi woyenda ndi magambutsi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Anali ndi mnzawo woyeza malo, a Godfrey, amene ankasuzumira m'kamakina ka miyendo itatu ngati akuona za kumwamba. Anayenda masabata awiri akufunsa khomo ndi khomo kuti madzi anafika pati, akuyang'ana mizere ya matope pamakoma amene anatsala. Kenako anazika zikhomo za simenti zopaka zofiira, kutsatira mtsinje. Lamulo lake losavuta: kumunsi kwa zikhomo, osamangako. M'mphepete mwa madzi anazikamo mzati wachitsulo wopaka mitundu itatu, wobiriwira pansi, wachikasu pakati, wofiira pamwamba. Madzi akafika pachikasu, wa komiti aimbe wezulo, anthu athawire kumsewu.

Pa utcheyamani wa komiti anasankha alamu anga. Anthu anati munthu amene wagwira ntchito ya umesenjala zaka makumi atatu sachedwetsa uthenga. Ine ndinadziwa kuti chimene chinawakopa ndi kajekete.

Wekishopu ija inachitikira muholo ya kutchalitchi. Ine ndinapitako chifukwa ndinamva kuti kuli nkhuku. Tsiku lachiwiri mayi Zeinabu anapachika mapu n'kuloza mzere wa zikhomo.

"Mzere uwu ndi wa madzi amene ife pantchito timati handiredi yiya fuladi," anatero. "Pa Chichewa tingati madzi a zaka zana."

Alamu anga analemba mawuwo m'kope, n'kudula mizere iwiri kunsi kwake. Kenako anadzuka. Kunja kunali kutafika ophika, ndipo mpunga sungatsike pagalimoto tcheyamani palibe. Zimene zinatsatira sanazimve.

"Dzina limeneli limapusitsa," anapitiriza mayi Zeinabu. "Ngakhale ifeyo a ntchito imeneyi tikakumana kumisonkhano timakangana nalo, ena amati tilitaye. Taonani apa."

Anatulutsa jumbo yakuda yodzaza zitsekerero za mabotolo, zana lathunthu, chimodzi chokha chofiira. Anati chaka chilichonse mtsinje umapisa dzanja m'jumbomo osayang'ana. Ukatola chofiira, madzi aakulu abwera. Koma ukatola, chitsekererocho sichitayidwa ayi. Chimabwerera momwemo, jumbo n'kuikhutchumula, chaka chamawa n'kupisanso.

Ena ankakanda m'mutu, koma ine ndinamva msanga. Sukulu ndinalekera sitandade sikisi, koma njuga ndinafika nayo kuyunivesite. Khadi limene linakudya dzulo silipita kutchuthi. Akasakaniza, likhoza kukudyanso lero, pampando womwewo.

Kenako mayiwo anapisa m'thumba n'kuponyamo zofiira zina. "Ichi n'cha mitengo imene mwatha kuphiri. Ichi n'cha zinyalala zimene zatseka pamlatho. Ichi n'cha nyumba zimene zapanikiza mtsinje." Alamu anga analowa nthawi yoomba m'manja, mafuta a nkhuku ali pakope.

Pasanathe chaka anagula puloti kumunsi kwenikweni, pamene panali nyumba ya banja lina limene linathawira ku Machinjiri osacheuka. Penshoni yonse inalowa m'njerwa ndi malata. Tsiku limene ankakumba maziko ndinatsikirako.

"Alamu, chikhomo chofiira chija chili uko kumtunda, pafupi ndi mango. Inu mukukumba kunsi kwake."

"Nanga n'chiyani?"

"Si paja anati kunsi osamangako?"

"Anati madzi a zaka zana. Anabwera kale, tinawaona tonse. Panopa ndi nthawi ya tchuthi."

Ndinatulutsa makhadi kuti ndiwaonetse za kusakaniza zija. Anandiyang'ana ngati ndawatulutsira njoka m'tchalitchi.

"Alamu, inu khomani zidebe. Za madzi tisiyireni ife a masatifiketi."

Patapita sabata ndinapeza chikhomo chija chitamera miyendo. Chinachoka pamango paja n'kukaima kunsi kwa maziko, mapazi khumi kuchokera m'madzi, atachipakanso penti watsopano. Pamango panangotsala kadzenje. Nditafunsa, alamu anga anati monga tcheyamani anangokonza mzere kuti ugwirizane ndi m'badwo uno. A 2123 adzachibwezera okha.

Ndinapita kwa Doreen. Ndinamupeza akusoka makatani a nyumba yopanda denga.

"Achimwene, musandiuze," anatero osatukula mutu. "Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikusesa pabwalo pa eni ake, ku Ndirande ndi kuno komwe. Kubzala ngakhale mpiru, kupempha kaye. Kukhoma msomali, kupempha. Iyi ndi yanga. Ndikaona mitambo ndimaopa, koma ndi yanga."

Ndinamukhomera chidebe chachikulu chotungira madzi, n'kumupatsa ngati mphatso. Nthabwala yake sanaione, inenso sindinaseke.

Ndiye tabwerera pa Loweruka paja. Dzuwa linali phwee, amayi a kwaya akuimba pansi pa tenti, ine ndikulimbana ndi mwendo wa nkhuku. Pamsewu panaima galimoto yoyera, n'kutsikamo mayi Zeinabu ndi a Godfrey. Alamu anga anawaitana ngati alendo olemekezeka, koma pafoni anangowauza kuti komiti ili ndi chinthu chachikulu choti iwaonetse.

A Godfrey anaima panjira. Anayang'ana nyumba, anayang'ana mapu a pafoni yawo, anayang'ananso nyumba. Kenako anatsika mpaka pachikhomo n'kuchigwira ngati munthu amene wapeza mbuzi yake m'khola la mnzake.

"Madala, chikhomo ichi chafika bwanji kuno? Ndinachizika ndekha ine, pamango apo."

"Tinangochisendeza pang'ono, bwana. Nanga si tili ndi zaka nainte eyiti zotsala?"

"Zaka zotsala za chiyani?"

"Za madzi aja. Zaka zana, kuchotsapo ziwiri."

Mayi Zeinabu anawayang'anitsitsa alamu anga. Ndawaonapo anthu akudzidzimuka, pamaliro ndi panjuga pomwe, koma nkhope ngati imeneyo sindinaionepo. Anavula magalasi n'kuwavalanso.

"A Tcheya, tsiku la jumbo lija munali kuti?"

"Jumbo iti, mayi?"

"Anali kumpunga," ndinayankha ine, poti wina anayenera kunena.

Mayiwo anatembenukira kumtsinje, maso akusakasaka. "Nanga mzati woyezera madzi uli kuti?"

Amayi a kwaya anasiya kuimba, ndipo mmodzi anayang'ana m'mwamba. Tonse tinatsatira maso ake. Pakati pa tenti, pamene panakhala abusa ndi mbale yawo, panali mzati wachitsulo utachirikiza denga: wobiriwira pansi, wachikasu pakati, wofiira pamwamba. Wina anali atakolekapo maluwa a pulasitiki.

"Tangobwereka," anatero alamu anga. "Tibweza mawa tikaweruka kutchalitchi."

Nthawi yomweyo foni ya mayi Zeinabu inalira. Anali mnzawo wina amene amayeza mvula kuseri kwa phiri. Sitinamve zimene ankanena, tinangomva mayiwo akufunsa kuti, "Kuyambira nthawi yanji?" kenako, "Ola ndi theka?" Anatsitsa foni n'kuyang'ana ku Michiru. Ifenso tinayang'ana. Phiri kunalibe. Pamalo pake panali chinthu chakuda bii kuyambira pansi mpaka kumwamba, ife kuno tikutuluka thukuta ndi dzuwa.

"A Tcheya, imbani wezulo."

"Mayi, dzuwa likuwala ili. Kadontho n'kamodzi komwe sikanagwe."

"Madzi sakuchokera pamutu panu, akuchokera uko. Imbani!"

"Ndiye anthu azinena kuti chiyani? Tcheyamani wathamangitsa alendo ake asanadye keke? Ine ndinalemba m'kope, mayi. Munanena nokha."

Doreen anali pakhomo ndi thireyi ya makapu. Anaiika pansi bwinobwino, ngati kuti makapuwo ali ndi ntchito mawa. Anapita kwa amuna ake, anagwira chingwe cha m'khosi n'kukoka. Alamu anga anawerama okha kuti khosi lisapite nawo. Mlongo wanga anaimba wezulo uja mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka, misozi ikutsika, osasiya.

Anthu a kuno wezulo ameneyo amamudziwa. Palibe anafunsa. Amayi anatola ana, abusa anakwinya mkanjo, makomo a m'mbali mwa mtsinje anatseguka, anthu n'kumakwera chitunda kulowera kumsewu. A Godfrey anabereka nkhalamba ina ya nyumba yoyandikana. Ine ndinafika pakati pa chitunda mbale ikadali m'manja, ndipo m'pamene ndinamva.

Phokoso lake linali ngati malole khumi akukhuthula miyala nthawi imodzi. Pansi pankanjenjemera. Kunabweranso fungo la dothi lofukulidwa kumene.

Nditacheuka ndinaona alamu anga ali okha kumunsi, ataima pafupi ndi chikhomo chawo, dzanja limodzi atachigwira pamutu ngati mwana wawo woyamba. Ndinaponya mbale n'kutsika. Sindikudziwa kuti mphamvu ndinazitenga kuti, poti munthuyo ndi wonenepa ndipo ine ndine woonda ngati chikwakwa. Ndinawagwira kajekete kaja kumsana n'kuwakoka chafutambuyo.

"Satifiketi, alamu! Satifiketi ili pakhoma!"

"Akakupatsani ina mu 2123! Tiyeni!"

Tinagwera pamsewu tonse awiri, mayi Zeinabu atatikoka malaya. Anthu onse anali pomwepo.

Kamwendo kanatulukira pakona katatalika kuposa munthu, kofiirira ngati phala la mawere, katasenza zitsa, malata, chitseko cha munthu wina ndi miyala yaikulu ngati mbuzi. Kanafika pachikhomo cha alamu anga n'kuchidutsa osapereka moni. Tenti inagwada, mzati wa mitundu itatu unazungulira kamodzi n'kumira. Madzi analowa pakhomo lakumaso ngati alendo oitanidwa, n'kutulukira pamawindo atavala makatani a Doreen. Chidebe changa chija chinatuluka chikuyandama. Mlongo wanga anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa, koma sanalire mokuwa. Anangoti, "Mayo, khitchini yanga."

Khoma lakumaso linaima kanthawi, dzuwa likuwala pazilembo zofiira zija. Kenako linang'ambika pakati. ZANA anayamba kugwa. ZAKA anapendekeka pang'onopang'ono, n'kutsatira mnzake, denga n'kukhala pansi.

Madzi anapitiriza kukwera chitunda, kudutsa pamene panali mipando, kudutsa pamene ndinaponya mbale. Atafika pamango paja anadzaza kadzenje kamene munachoka chikhomo cha a Godfrey, n'kuima pomwepo.