Mlimi ndi Mulungu Wamkazi

Amuna anga, a Pyo Deok-su, atasiyira mkamwini wathu munda wa maapulo kuno ku Yeongju, anasowa chochita mpaka anakalembetsa Chilatini ku laibulale. Munthu woti ngakhale dzina la mankhwala awo a mawondo limawakanika kutchula.

Lachitatu lililonse ankabwerako atakwiya, osati ndi aphunzitsi awo, mayi Eom, koma ndi milungu ya m'nthano zomwe ankawerenga. Ankati ilibe khalidwe: ikakonda munthu imamusandutsa ng'ombe, ikadana naye imamusandutsa kangaude. Ine ndinkangowakankhira mbale ya kimchi kuti pakamwa papeze ntchito ina.

Patatha miyezi iwiri, mayi Eom anauza ophunzira awo, onse a imvi, kuti aliyense alembe chiganizo chake adzawerenge pamaso pa achibale. Amuna anga anandiumiriza kuti ndipite nawo, ndipo anavala jekete la paukwati wa mwana wathu Mi-ran.

Ataimirira anandiyang'ana, n'kuwerenga kuti, "Dea agricolam amat." Kenako anamasulira monyadira kuti mlimi amakonda mulungu wamkazi.

Mayi Eom anatsokomola pang'ono. Anafotokoza mwaulemu kuti m'Chilatini wokonda ndi wokondedwa amadziwika ndi kumchira kwa mawu, ndiye zomwe analembazo zinkatanthauza kuti mulungu wamkaziyo ndi amene akufera mlimi.

A Bang, anzawo omwe kale ankagulitsa nsapato, anakweza dzanja ngati mwana wasukulu. "Nanga poti mwakondedwa, achimwene, musanduka chiyani? Tikugulireni chingwe?"

Anthu anaseka, ndipo amuna anga anayamba kupisapisa m'matumba kufuna chofufutira, makutu ali psuu.

"Musafufute, bambo a Mi-ran," ndinatero. "Anakwera mabasi awiri kudzakuonani koyamba ndani? Inu si munabisala kuseri kwa mabokosi a maapulo?"

Pobwerera tinaima pamlatho. Apo anandifunsa, akuyang'ana madzi, ngati ndinadziwa kuti mulungu wamkaziyo anali ndani. Ndinati ndimayesa ndi mayi Eom. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anawoloka msewu n'kukandigulira zitumbuwa ziwiri zotentha za hotteok, chimodzi anadya okha.

Sabata yotsatira ndinapeza kope latsopano patebulo, litalembedwa dzina langa. Anali atandilembetsa nane, ati kuti ndikalakwitseko zanga.