Chifukwa Chake a Merle Ankadyera mu Galaja

A Merle Kuhlman ankagulitsa matayala ku Harlan Creek, ku Indiana, koma imeneyo inali ntchito yongopezera ndiwo. Ntchito yawo yeniyeni inali kusapota Akadzidzi, timu ya basiketibo ya Koleji ya Brennick. Mpando wawo m'bwalo la timuyo ndi womwe ankakhalapo malemu bambo awo, ndipo unachita kulowa m'kati motengera thupi la mtundu wa a Kuhlman. Kunyumba kwawo zonse zinali zobiriwira ngati yunifolomu ya timu, makatani, makapu, mpaka chivundikiro cha chimbudzi. Galu ankavala kansalu kobiriwira m'khosi, dzina lake Kochi.

Sizoni itayamba mu Novembala, Akadzidzi ankasewera bwino ndithu, kupatula nthawi imene mpira uli m'mwamba. Analibe wamtali. Anyamata awo anali othamanga, aulemu, okhoza m'kalasi, koma mpira ukagunda chitsulo cha dengu logoletseramo n'kubwerera ankangouyang'ana ngati ndege ikudutsa. Ndiye tauni yonse inaika mtima pa Jarrell Whitlow, mnyamata wa chaka chomaliza pa sekondale ya komweko, amene polowa m'tchalitchi ankachita kuwerama. Makoleji atatu ankamufuna: Brennick, ina ya ku Ohio imene palibe ankaiwerengera, ndi Tolliver, ya kutsidya kwa mtsinje ku Kentucky, ovala zofiira. Ku Harlan Creek munthu ankakhululukidwa zambiri, koma osati kugula galimoto yofiira.

Pa tsamba la masapota pa intaneti, Jarrell ankamutsata ngati nyengo. Akavala masokosi obiriwira, anthu ankadya bwino tsiku limenelo. Tsiku lina wina anamujambula akumwa chakumwa chofiira, a Lonnie ometa tsitsi anatseka shopu dzuwa lili paliwombo.

Ndiye Lamlungu lina masana, Shelby, mwana wamkazi wa a Merle, analowa m'nyumba atagwira dzanja la munthu amene mutu wake unali usanalowe.

"Adadi, uyu ndi Jarrell. Mnzanga ndinkanena uja."

A Merle ankadziwa saizi ya nsapato ya Jarrell. Ankadziwa bondo limene linavulala ali wamng'ono, ndi dzina la dokotala amene analiona. Anamuyang'ana kuchokera pansi mpaka m'mwamba, ulendo wautali ndithu, kenako ananyamula galu n'kupita ku galaja.

Apa pafunika kutchula a Dewey Strand. Zaka zapitazo a Dewey, sapota wa tikiti ya sizoni yonse ngati a Merle, anapeza mnyamata wina amene Brennick inkamufuna akunjenjemera pa depoti. Anamugulira jekete ndi mbale ya nyemba zatsabola. Koma pali lamulo loti sapota wa mtundu umenewo asanyengerere mwana amene koleji yake ikumufuna, ndipo asamupatse kanthu. Nkhani inakafika kwa akuluakulu, mnyamatayo sanavale zobiriwira, timu inalangidwa chaka chimenecho. Mpaka lero a Dewey amakametetsa ku tauni ina. A Lonnie sanawathamangitsepo ayi. Amangoti makina awonongeka, uku akumeta munthu wina.

A Merle lamuloli ankalidziwa, ndipo ankadziwanso mbali zake zimene sizinalembedwe. Akazi awo, a Nadine, anawatsatira ku galaja n'kuwauza kuti palibe lamulo loletsa kupereka moni kwa mwana wa eni ake. A Merle anayankha kuti a Dewey nawonso anayamba ndi moni.

Kuyambira pamenepo panakhala dongosolo. Shelby akangonena kuti Jarrell akubwera, a Merle ankatsitsa mbendera ya Akadzidzi pakhonde. Chithunzi chachikulu cha timu pabalaza ankachifunditsa nsalu ya pabedi. Makapu obiriwira ankalowa mu uvuni. Galu ankamuvula kansalu, ndipo popeza kuitana kuti "Kochi" pamaso pa mnyamatayo kukanamveka ngati kumukopa, ankangomuimbira likhweru. Galuyo sankamva za likhweru. Ankapita kukagona pa mapazi a Jarrell, pomwe malo analipo ambiri.

Pa tsiku la chikondwerero chothokoza, kumapeto kwa Novembala, pamene mabanja a ku America amadya nkhukundembo, a Nadine anawaopseza kuti akangothawira ku galaja awatsekera komweko mpaka Khirisimasi. Anakhala patebulo. Asanapemphere anafunsa kuti nkhukundembo wagula ndani. A Nadine anati ndi iwo, ndi malipiro awo a ku chipatala, ndipo iwo alibe tikiti ya timu iliyonse. A Merle anagwedeza mutu, nkhukundembo inaloledwa. Koma mbatata zinali za m'dimba mwawo, anakumba okha. Jarrell atatambasula dzanja, ndipo dzanja limenelo linkafika paliponse patebulo osadzuka, a Merle anakoka mbaleyo pang'onopang'ono mpaka kuikhazika pamiyendo pawo. Anadya mbatata zonse okha, za anthu anayi, akuyang'ana khoma.

Akadzidzi anagonja masewero atatu otsatizana mu Disembala. Anapambana amodzi chifukwa timu inayo inabwera ndi chimfine. A Merle ankabwera ku bwalo mawu atasasa, n'kukhala pa kompyuta kuwerenga anthu akukangana kuti Jarrell akuganiza chiyani. Wina anati msuweni wake waona mnyamatayo akuyang'ana chakumwera, kumene kuli Tolliver. A Merle ankawerenga zonsezi kuchipinda, Jarrell ali pabalaza pawo pomwepo akuthandiza Shelby masamu.

Mu Januwale kunagwa chipale chofewa chambiri, ndipo kagalimoto ka Jarrell kanatitimira mu ngalande pamaso penipeni pa nyumba ya a Kuhlman. A Merle ali ndi lole yokhala ndi tcheni. Tauni yonse imadziwa. Anakokapo abusa, anakokapo apolisi, anakokapo ngakhale a Dewey, ngakhale kuti tsiku limenelo a Merle anavala chipewa chobisa nkhope. Koma kukoka galimoto ndi thandizo, ndipo thandizo ndi kanthu. Anaima pawindo makiyi ali m'manja. Jarrell anakankha yekha, anakumba ndi manja, anayang'ana kuwindoko kamodzi. A Merle anatseka katani, n'kukumbukira kuti ndi yobiriwira, n'kuitsegulanso.

Amene anaima anali dalaivala wina wobweretsa chakudya cha ng'ombe kuchokera kutsidya. Anamangirira chingwe, anakoka, anapatsa mnyamatayo khofi wa mu fulasiki yake, n'kumapita osafunsa dzina. Pagalasi lakumbuyo la lole yake panali chomata chofiira cha Tolliver.

Shelby sanawalankhule bambo ake sabata yonse. A Nadine anati anakwatiwa ndi munthu, koma panopa akukhala ndi buku la malamulo lovala jekete. A Merle anapirira. Ankadziuza kuti tsiku lidzafika, mnyamatayo adzavala zobiriwira popanda banga, ndipo anthu adzadziwa amene anavutikira.

Mu Febuluwale Tolliver inabwera kudzasewera ku Brennick, n'kupambana ndi mpira womaliza, wamtali wawo atangouika m'dengu ngati akubwezera kapu pa shelefu. Mawa lake masana a Merle anali mu galaja, akumveranso masewero omwewo pa wailesi kuti mwina atha mosiyana. Chitseko chinatseguka, kuwala kunachepa. Anali Jarrell, atawerama.

Anapepesa powasokoneza. Anati sizoni ikatha adzalengeza koleji yake ku holo ya sukulu. Anati aliyense wamuuza maganizo ake, a Lonnie, abusa, mayi wa ku positi ofesi, ngakhale mwana wina wa kalasi yoyamba amene anamuopseza. Mayi ake anati asankhe yekha. Shelby anati kulikonse.

"Koma Shelby amati palibe amene amaidziwa Brennick ngati inu. Ndiye ndimati ndimve kwa inuyo, bambo. Mukuona kuti ndingakwane kumeneko?"

A Merle yankho anali nalo. Analikonza kalekale, linali ndi mutu, ndime, ndi malo opumira. Linakwera kuchokera m'mimba mpaka pakhosi, n'kukumana ndi chithunzithunzi cha a Dewey atakhala pa mpando wometera wa ku tauni ina. Wailesi inali ikunena kuti kwatsala mpira umodzi. Galu anayang'ana mbuye wake, n'kuyang'ana mlendo.

"Tayala lako lakumanzere lachepa mpweya," anatero a Merle.

Jarrell anadikira pang'ono ngati pali zina. Kenako anathokoza, n'kutuluka chobwerera m'mbuyo kuti asagunde mutu. A Merle anakhala pa chitini cha penti akudandaula, osati kuti sanayankhe, koma kuti za tayalazo mwina ndi malangizo aulere ochokera kwa katswiri.

Sizoni inatha monga inayambira. Akadzidzi sanafike ku mpikisano waukulu wa makoleji wa mu Malichi, ndipo anthu anaonera matimu a anzawo pa TV akunena kuti chaka chamawa. Mawu oti chaka chamawa ku Harlan Creek ankatanthauza munthu mmodzi.

Tsiku lolengeza, mu Epulo, holo ya sukulu inadzaza. Kutsogolo kunali tebulo, patebulo zipewa za makoleji atatu aja, chobiriwira, chofiira, ndi chachikasu cha ku Ohio chimene anangochiika kuti tebulo lioneke bwino. A Merle anavala juzi yotuwa, yopanda mbali, n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Jarrell anakhala pakati pa mayi ake ndi mphunzitsi wake. Anathokoza Mulungu, mayi ake, anzake. Ananyamula chachikasu, anthu anaseka, anachibwezera. Ananyamula chobiriwira. A Lonnie anali ataimirira kale, manja m'mwamba. Anachitembenuza, anachiyang'ana m'kati nthawi yaitali kuposa mmene amachitira anyamata akamangoseweretsa anthu. Anachiika pansi bwinobwino, n'kuvala chofiira.

M'holomo munamveka firiji ya ku khitchini.

Mtsikana wa nyuzipepala ya pasukulu ndi amene analimba mtima kufunsa chifukwa chake. Jarrell sanakwiye, sananyoze. Anati iye anakulira momwemo, ndipo maloto ake anali zobiriwira. Koma pali munthu mmodzi amene amaikonda Brennick kuposa onse, ndipo munthuyo amadziwa mpira.

"Ndikafika kwawo ankatsitsa mbendera. Chithunzi cha timu ankachiphimba kuti ndisachione. Nditawafunsa maso ndi maso ngati ndingakwane, anandiuza za tayala. Sindine mwana, ndinamva. Ndipo ndikuwathokoza, chifukwa ena onse ankangondinamiza."

Sanatchule dzina. Sipanafunike. Tauni ili ndi wogulitsa matayala mmodzi, ndipo mitu yonse inatembenukira ku juzi yotuwa.

Lachiwiri lotsatira makina a a Lonnie anawonongeka. A Merle anayendetsa lole yawo mpaka tauni ina, n'kupeza a Dewey pabenchi akudikira. A Dewey anasendera kuti awapatse malo. Kenako a Dewey anati iwo bola jekete ija inali yabwino, mnyamatayo amaivalabe.

Chabwino chimodzi chinalipo. Jarrell tsopano anali wa eni ake, Brennick inalibe nayenso ntchito, choncho lamulo linamasuka. Lamlungu lake a Merle anapachika mbendera, anavundukula chithunzi, anatulutsa makapu mu uvuni. Anawotcha okha nyama ya nkhumba. Mnyamatayo atafika anamugwira dzanja osalisiya, anamukhazika pa mpando wawo wa kumutu kwa tebulo, anaitana galu ndi dzina lake lenileni. Anayamba kufotokoza zonse, za a Dewey, za jekete, za mbatata, za tcheni. Jarrell ankamvetsera foloko ili m'mwamba. Atamaliza, mnyamatayo anafunsa chapansipansi kuti ndiye kuti akanakwana. A Merle anati akanamumangira chipilala pakhomo pa bwalo, iwo eni akanasakaniza simenti.

Anamuunjikira mbatata phiri. A Merle atanyamula supuni yachitatu, Shelby analankhula akupaka batala pa buledi, osayang'ana aliyense.

"Musadandaule kwambiri, adadi. Masiku ano wosewera amatha kusamuka koleji. Akapanda kukondwa ku Tolliver, chaka chamawa akhoza kubwera kuno."

Supuni inaima pakati pa mbale ziwiri.

A Nadine anaika foloko pansi n'kuwatchula dzina amuna awo, kamodzi, mwa mtundu uja wochenjeza. Jarrell anati inde ndi zoona, zimatheka, ndipo angakonde kumva maganizo awo.

A Merle anayang'ana mbendera kudzera pawindo. Anayang'ana chithunzi, makapu, galu ndi kansalu kake. Anabwezera mbatata ya pa supuni m'mbale yaikulu. Ya m'mbale ya mnyamatayo anaiyang'ana nthawi yaitali, koma anali ataiyamba kale, panalibe chochita. Ananyamula mbale yawo, anaimbira galu likhweru, n'kupita ku galaja.

Galu anatsala.