Dokotala wa ku Chisepo

Abigail atasankhidwa kupita ku yunivesite, bambo ake, a Bryson, anaimirira m'tchalitchi ku Chisepo n'kulengeza kuti mudzi wapeza dokotala. Iye anawauza kangapo konse kuti kosi yake ndi ya tizilombo towononga mbewu, koma iwo ankangoti, "Bayoloje ndi bayoloje basi."

Tsiku lomwe anabwera ku holide, anapeza mayi wina wa ku esiteti ya fodya atakhala pakhonde, mwana wotentha thupi ali kumsana.

"Mukudikira chiyani, mayi? Thamangani naye kuchipatala ku Madisi!" anakalipa Abigail. "Ine ndimaphunzira za mbozi za m'chimanga!"

Mayiyo anatembenukira kwa a Bryson. "Paja munati tidikire, adokotala akubwera. Tadikira kuyambira Lamulungu."

Mwanayo anali atasiya ngakhale kulira.